Matenda a mtima si amodzi: tikambirane mitundu yake ndi chithandizo chake

Mayi Nkhoma:
Moni nonse pagulu pano. Ife alangizi a zaumoyo tikamayenda m'midzi timapeza anthu ambiri oti m'buku lawo la kuchipatala mwalembedwa za mtima, koma mankhwala awo ndi osiyana kutalitali. Wina jakisoni mwezi ndi mwezi, wina mapiritsi okodzetsa, wina akumwa a TB. Ena mpaka amabwerekana mapiritsi, ati poti tonse ndife a mtima. Inu a kukiliniki ya matenda okhalitsa tatiyalireni bwinobwino, mitundu yake ndi iti, ndipo uliwonse umathandizidwa bwanji?

Bambo Gondwe:
Zobwerekanazo ziletseni ndithu amayi, chifukwa piritsi lomwe likupulumutsa uyu litha kumugwetsa mnzakeyo. Kuno kwathu amene timawaona kawirikawiri ndi mtima wotopa ndi BP ya zaka zambiri, mavavu (timakomo ta mkati mwa mtima toletsa magazi kubwerera) oonongeka kuchokera ku zilonda zapakhosi za paubwana, mnofu wa mtima wofooka wokha, madzi ozungulira mtima chifukwa cha TB, ana obadwa ndi chiboo mumtima, ndiponso kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo. Ambiri mwa amenewa amathera pamodzimodzi, befu ndi kutupa miyendo, koma gwero lake ndi losiyana, ndipo chithandizo chimatsata gwerolo.

Ndiyambe ndi BP poti ndiyo yafala. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Timati yakwera ikafika 140/90 kapena kuposa, koma poyeza masiku awiri osiyana, osati kamodzi kokha munthu atangotsika panjinga. Akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa, mkono uli patebulo molingana ndi chifuwa, ndipo asamayankhule. Ngati ali ndi mkodzo ayambe wakataya. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili, ndiye ambiri onenepa amalembedwa manambala abodza chifukwa cha lamba basi. Yezani kawiri, patadutsa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Bambo Mbewe:
Ndiwonjezere mbali ya kufamase. Poyambira nthawi zambiri ndi amlodipine 5 mg kamodzi patsiku, kapena hydrochlorothiazide 25 mg m'mawa. Ikakana kutsika pakatha mwezi, amlodipine amakwezedwa kufika 10 mg kapena amaphatikiza awiriwo, kenako enalapril. Kwa ife anthu akuda enalapril payekha satsitsa BP bwino ngati awiri enawo, koma kwa wa shuga kapena amene impso zayamba kutaya puloteni mumkodzo ndi wofunika chifukwa amateteza impsozo.

Zovuta zake muzizidziwa kuti odwala asamangosiya mwakachetechete. Amlodipine amatupitsa akakolo, makamaka madzulo, ndipo kutupa kumeneko si mtima kulephera ayi. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chokereketa kummero, chosatha ndi mankhwala a chifuwa. Wotere abwere timusinthire. Akatupa milomo kapena lilime asiye pomwepo ndi kuthamangira kuchipatala. Ndipo mayi woyembekezera kapena amene akufuna mimba asamwe enalapril, amaononga impso za mwana.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi loti munthu akayezedwa n'kumva kuti lero BP ili bwino, amaganiza kuti wachira. Ili bwino chifukwa cha mapiritsiwo. Akasiya imabwerera, ndipo siipweteka, imangokulitsa mnofu wa mtima ndi kuononga impso mpaka tsiku la sitiroko.

Anaphiri:
Za mchere musangouza anthu kuti chepetsani, auzeni mlingo. Tsiku lonse usapose magalamu 5, ndiye kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Ndipo mchere suli m'botolo la patebulo mokha. Uli m'makyubu okometsera ndiwo, mu nsomba zoumitsa ndi mchere, soseji, tchipisi ta m'mapaketi, ngakhale soda amene timathira m'therere. Nsomba zamcherezo aziyamba aziviika m'madzi n'kutaya madziwo.

Mayi Nkhoma:
Nanga tikapeza munthu BP ili 200 kumudzi konko? Ena amati mum'patse nifedipine pansi pa lilime itsike msanga.

Bambo Gondwe:
Ayi amayi, zimenezo zinasiyidwa. Ubongo wa munthu amene wakhala ndi BP yokwera zaka zambiri unazolowera, ndiye mukaigwetsa mwadzidzidzi magazi amachepa kumutu, mum'patsa sitiroko ndi manja anu. Ikafika 180/110 kapena kuposa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pali mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa, befu, kusokonezeka kapena mbali imodzi kufooka, ndiye za galimoto pompopompo, akatsitsidwe pang'onopang'ono akumuyang'anira.

Tsopano mtima wolephera kupopa. Zizindikiro zake funsani motere: mumagonera mapilo angati? Mumadzidzimuka usiku mukubanika mpaka kukhala tsonga? Mukayenda kupita kumjigo mumapuma kangati panjira? Kenako dinani ndi chala pamwamba pa kakolo masekondi angapo. Pakatsala kadzenje, ndi madzi. Yang'anani khosi munthu atakhala chotsamira, mitsempha ikaoneka yodzaza mpaka kufupi ndi nsagwada ndiye kuti madzi achuluka. Anthu ambiri otere amazungulira miyezi akumwa mankhwala a mphumu kapena a chibayo, poti nawonso amalira m'chifuwa. Munthu amene mphumu yamuyamba ali ndi zaka 55, muganizireni mtima kaye.

Chithandizo chili pawiri. Choyamba ndi kuchotsa madzi, ndi furosemide, kawirikawiri 40 mg m'mawa, ndipo mlingo wachiwiri ngati ulipo amwe masana, osati usiku, apo ayi sagona. Munthu akatupa kwambiri, matumbo nawo amatupa ndipo piritsi sililowa bwino m'magazi, n'chifukwa chake timamugoneka n'kumubaya wa mumtsempha masiku angapo. Koma furosemide amangopepuza thupi. Amene amatalikitsa moyo pamene mnofu wafooka ndi enalapril, spironolactone 25 mg, ndi carvedilol kapena bisoprolol.

Bambo Mbewe:
Pa carvedilol ndi bisoprolol pamalakwika zambiri. Sayambidwa munthu akadali ndi madzi m'mapapo, amamubanikitsa kwambiri. Amayambidwa atauma, pa mlingo wochepetsetsa, carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku, n'kumakweza pakapita masabata awiri kapena kuposa, mukuyang'ana kagundidwe ndi BP. Ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Furosemide amataya potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, pomwe enalapril ndi spironolactone amamusunga. Akachepa kwambiri kapena kuchuluka kwambiri mtima umasokonezeka kagundidwe, ndiye magazi a impso ndi potaziyamu aziyezedwa poyamba ndiponso akasintha mlingo. Wodwala wotere akatsegula m'mimba kapena kusanza asamangopitiriza mapiritsi onse ngati palibe chachitika, impso zimauma. Abwere tione oti aimitse kwa masiku angapo. Amene ali pa digoxin, mankhwala ena a mtima, akayamba nseru, kusafuna kudya, kuona zinthu zachikasu, ndiye kuti mankhwala achuluka m'thupi.

Chinanso, mapiritsi a ululu ogula pagolosale. Ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin amasunga madzi ndi mchere m'thupi ndipo amapweteka impso. Agogo a mtima akamadandaula mawondo, paracetamol basi.

Anaphiri:
Amene ali ndi sikelo kunyumba kapena ali pafupi ndi chipatala chaching'ono azidziyeza m'mawa atataya madzi, asanadye. Akakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu, si kunenepa kumeneko, ndi madzi, asadikire tsiku la kiliniki. Komanso tisaiwale kuyeza kuchuluka kwa magazi. Kuchepa magazi kokha kumatha kuulefula mtima, ndipo kumathandizika.

Dokotala Kalua:
Ine ndikhale pa ana ndi achinyamata, chifukwa nthenda ya mavavu ndiyo imandiwawa kwambiri. Ndi yopeweka ndi penicillin wotchipa, koma ikupha anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20.

Imayamba ndi zilonda zapakhosi za kachirombo kotchedwa streptococcus wa gulu A, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zimapola zokha, makolo n'kuiwala. Pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha thupi chimene chimalimbana ndi kachiromboko chimatembenukira mwini wake. Mwana amatentha thupi, bondo limatupa ndi kupweteka, mawa lapola koma chayamba ndi chigongono kapena kakolo. Ena amayamba kugwedezeka manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa kapu, zolemba kusukulu kuipa, ndipo zimenezi zimatha kubwera patapita miyezi. Kumudzi amati walodzedwa, kusukulu amati ndi mwano. Mafupa amachira osasiya chilema, koma mavavu a mtima amatsala ndi zipsera, makamaka vavu yotchedwa mitral.

Ganizirani mjigo umene labala yake yatha: mukupopa ndi mphamvu koma madzi ena akubwerera pansi. Vavu yodontha imatero. Ina m'malo modontha imauma n'kuchepa khomo, magazi n'kumadikira m'mapapo. Nthenda ija ikabweranso kachiwiri, kachitatu, chipsera chimakulirakulira.

Ndiye kupewa kuli pawiri. Mwana wa msinkhu umenewu akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, popanda chimfine kapena chifuwa, timatonsi tili tofiira kapena ndi mafinya, mwanabere wa m'khosi akupweteka, alandire jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, kapena amoxicillin kapena penicillin V masiku 10 athunthu. Osati masiku atatu n'kusunga otsalawo. Amene nthenda yotupitsa mfundo ndi kuononga mavavu ija yamugwira kale, jakisoni wa benzathine masiku 28 aliwonse, ena timawaika pa masiku 21. Mlingo ndi mayunitsi 1.2 miliyoni kwa wolemera makilogalamu 30 kapena kuposa, ndi 600,000 kwa wosakwana 30. Jakisoniyu sakonza vavu, amangotseka khomo kuti nthenda isabwerenso. Amene mtima unakhudzidwa amabayidwa zaka zosachepera 10, ndipo wa vavu yoonongeka kwambiri mpaka zaka 40 zakubadwa kapena moyo wonse.

Mayi Nkhoma:
Adokotala, achinyamatawo amathawa jakisoniyu, akuti amapweteka zedi. Ndipo anamwino ena amaopa kubaya, akuti anthu amakomoka.

Anaphiri:
Amapwetekadi, tisawanamize. Koma kabayidwe kamachepetsa ululu. Ndi mankhwala a phalaphala, ndiye musungunule bwino, mugwedeze mpaka pasatsale zibuma, ndipo botolo mulifunditse m'manja lisakhale lozizira. Pamene malangizo a pamalo panu akulola, kusungunulira ndi lignocaine wa 1%, mankhwala a dzanzi, kumathandiza kwambiri. Singano ikhale yaikulu bwino, ya 21, chifukwa yaing'ono imatseka. Mukakoka musachedwe, mankhwala amauma m'singano. Bayani mkati mwa mnofu, kumtunda chakunja kwa thako, kokani pang'ono muone ngati simuli mumtsempha, kenako kankhani pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mumtsempha sabayidwa mpang'ono pomwe, amapha. Mwezi uno thako ili, mwezi wamawa linalo.

Wodwala abwere atadya ndi kumwa madzi, abayidwe atagona, ndipo akhale pomwepo mphindi 30. Adrenaline, wopulumutsira munthu thupi likadana ndi jakisoniyu, akhale patebulo, osati mukabati yokhoma imene kiyi ali ndi wina.

Dokotala Kalua:
Pa zokomokazo ndifotokoze, poti mantha a anamwino ali ndi pochokera. Thupi kudana ndi penicillin mpaka kufika pangozi kumachitika koma mwa apo ndi apo. Zimene zaoneka n'zoti ambiri amene amagwa atangobayidwa ndi aja a mavavu oonongeka kwambiri ndi mtima wofooka: ululu ndi mantha zimagwetsa BP, ndipo mtima wotero sutha kudzuka. N'chifukwa chake wa vavu yoipiratu adokotala atha kusankha kumuika pa penicillin V wakumwa 250 mg kawiri patsiku. Koma chisankho chimenechi chichokere ku echo, kuunika mtima, osati ku mantha. Kwa ochuluka a nthenda yochepa ndi yapakatikati jakisoni amateteza kuposa mapiritsi, amene amaiwalika. Amene thupi lake limadanadi ndi penicillin amapatsidwa erythromycin.

Bambo Gondwe:
Echo ndi ija yoona mtima pa kanema, ndipo ndiyo imasiyanitsa mitundu yonseyi. Imapezeka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiponso m'makiliniki a PEN-Plus, oona matenda aakulu okhalitsa, a zipatala zina za m'maboma, monga ku Neno. Aliyense wa befu ndi kutupa ayenera kuonedwa kamodzi, chifukwa vavu yochepa khomo sithandizidwa ngati mnofu wofooka. Pa vavu yochepa khomo mdani ndi mtima wothamanga, poti magazi sapeza nthawi yodutsa, ndiye timauchedwetsa ndi atenolol kapena anzake.

Vavu ikafika pothera, chotsala ndi opaleshoni, ndipo ambiri amatumizidwa kunja monga ku India. Khomo lochepa pena amalitambasula ndi kabaluni kodzera mumtsempha wa pantchafu. Apo ayi amakonza kapena kuika vavu ina. Yachitsulo imakhalitsa koma imafuna warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wonse. Yopangidwa ndi minofu ya nyama siifuna warfarin wa moyo wonse koma mwa achinyamata imatha msanga. Ndipo opaleshoni sichotsa jakisoni wa mwezi uja, ambiri amalakwitsa pamenepa.

Bambo Mbewe:
Warfarin ndi mankhwala ofuna ulemu. Amaperekedwa kwa a vavu yachitsulo ndiponso a mavavu amene mtima wawo ukugunda mosalongosoka, chifukwa magazi amaundana mumtima, chibuma n'kupita kumutu. Mlingo umatsata kuyeza kwa INR, koona nthawi imene magazi akutenga kuti aundane: pakati pa 2 ndi 3 kwa ambiri, 2.5 mpaka 3.5 kwa vavu yachitsulo ya mitral. Ikatsika magazi amaundana, ikakwera munthu amatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno, mumkodzo, kapena chimbudzi chimada bii.

Masamba obiriwira monga bonongwe, mpiru, nkhwani ndi repu amafooketsa warfarin, koma musawaletse ndiwo zamasamba. Azidya mofanana sabata ndi sabata, mlingo ukonzedwe molingana ndi kadyedwe kawo. Zoopsa kwambiri ndi mankhwala ena. Cotrimoxazole, metronidazole ndi fluconazole amakweza INR. Rifampicin wa mu mankhwala a TB amaitsitsa kwambiri, ndiye mlingo wa warfarin umakwezedwa, ndipo TB ikatha uyenera kutsitsidwanso. Mankhwala azitsamba ndi mowa zimasokonezanso. Mapiritsi atsopano oletsa kuundana kwa magazi salowa m'malo mwa warfarin pa vavu yachitsulo.

Anachisale:
Ife azamba timakumana nawo mochedwa. Mayi akakhala ndi pakati magazi ake amawonjezereka ndi pafupifupi theka, ndiye vavu yochepa khomo imene inali chete imaonekera miyezi yapakati kupita kumapeto, kapena maola oyamba atangochira. Befu la mayi woyembekezera musamangoti ndi mimba. Akamalephera kugona chagada mpaka kugona chokhala, akamatsokomola usiku, mtima ukamathamanga ali phee, atumizidwe. Mtsikana aliyense wa mavavu akambirane za kulera asanatenge mimba, ndipo akaitenga adzachirire kuchipatala chachikulu. Jakisoni wa benzathine amapitirira ali ndi pakati, alibe vuto kwa mwana. Warfarin ndiye amaononga mwana makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12, koma wa vavu yachitsulo asasiye yekha, abwere msanga akangodumpha kumwezi kuti adokotala akonze njira.

Pali mtundu winanso wa mayi amene mtima unali bwinobwino, koma mnofu umafooka mwezi womaliza wa mimba kapena miyezi isanu yoyamba atachira. Amatupa, amabanika, apabanja n'kumati ndi kutopa kwa uchembere. Amathandizidwa ngati mtima wolephera kupopa, ndipo akabereka enalapril amaloledwa ngakhale akuyamwitsa. Ambiri mtima umabwerera m'malo, ena ayi. Asatengenso mimba echo isanatsimikize, chifukwa mimba yotsatira pa mtima wosachira ndi yoika moyo pachiswe.

Bambo Gondwe:
Aja akumwa mankhwala a TB amene munawatchula amayi Nkhoma, TB yawo ili m'kathumba kokuta mtima. Madzi amadzaza m'kathumbako n'kuufinya mtima. Imakonda amene ali ndi HIV, ndiye aliyense ayezedwe. Munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, amabanika, mitsempha ya m'khosi yadzaza, pa X-ray mtima waukulu ngati mpira koma mapapo oyera. Mankhwala ake ndi a TB omwe aja miyezi 6, ndipo madzi akaufinya kwambiri amawapopa ndi singano. Apa ndi pamene furosemide wobwereka kwa mnansi amagwetsa munthu: mtima wofinyidwa umadalira kudzaza kwa mitsempha, mukaumitsa thupi BP imagwa. Ena pambuyo pake kathumba kamauma n'kulimba, ndipo amafunika opaleshoni yokachotsa.

Dokotala Kalua:
Za makanda mwachidule. Mwana amene akuyamwa pang'ono n'kusiya, kupuma mothamanga, thukuta pamphumi poyamwa, sikelo yosakwera, chibayo chobwerezabwereza, akamumvere mtima. Tiziboo ting'onoting'ono tambiri timatsekeka tokha, zazikulu zimafuna opaleshoni mapapo asanaonongeke, ndiye kuchedwa kumatseka mwayi. Mwana amene lilime ndi milomo zimada akalira, mum'pinde mawondo afike pachifuwa, mum'tonthoze, n'kuthamanga naye. Ana obadwa ndi Down syndrome pafupifupi theka amakhala ndi vuto la mtima, onse aonedwe ngakhale akuoneka bwino.

Mayi Nkhoma:
Nanga ija yogwa mwadzidzidzi atagwira pachifuwa?

Bambo Gondwe:
Imeneyo ndi mtsempha wodyetsa mtima kutsekeka ndi mafuta ndi chibuma cha magazi. Ikuchuluka m'matauni chifukwa cha shuga, BP, fodya ndi kunenepa. Ululu wake ndi wopsinja pakati pa chifuwa, wopitirira mphindi 15, wofalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, ndi thukuta lozizira. A shuga, amayi ndi okalamba pena amangomva befu, nseru kapena ngati chilungulira. Atafune aspirin 300 mg, ngati sadana naye ndipo sakutaya magazi, asayende wapansi, apite komwe kuli ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima. Mnofu umafa ola ndi ola, ndipo mankhwala osungunula chibuma amathandiza m'maola 12 oyamba, makamaka oyambirira enieniwo. Akapulumuka amakhala pa aspirin 75 mg, clopidogrel, atorvastatin ndi ochedwetsa mtima, fodya n'kusiyiratu. Piritsi la pansi pa lilime la ululu wa pachifuwa lisaphatikizane ndi sildenafil, mankhwala a mphamvu za abambo, BP imagwa koopsa, ndipo abambo afunsidwe zimenezi poyera.

Koma aspirin ameneyu musam'patse munthu amene wapotoka kamwa kapena wafa mbali imodzi. Sitiroko ina ndi ya mtsempha wophulika m'mutu, ndipo aspirin amawonjezera kutayako.

Anaphiri:
Chimodzi chimene sichinatchulidwe kwa a mavavu ndi mano. Tizirombo ta m'kamwa timalowa m'magazi n'kukamera pa vavu yoonongeka. Azitsuka mano kawiri patsiku, ndipo pokazulitsa dzino anene kuti ali ndi vuto la vavu komanso ngati ali pa warfarin. Wa vavu akatentha thupi kupitirira sabata, malungo osapezeka, musangomupatsa amoxicillin wa masiku asanu. Atumizidwe akatengedwe magazi okameretsa tizirombo asanayambe mankhwala, chifukwa nthenda imeneyo imafuna jakisoni wa mumtsempha masabata 4 mpaka 6.

Mayi Nkhoma:
Zikomo nonse, izi tikagawana ndi anzathu pa msonkhano wa mwezi uno. Funso lomaliza kwa anamwino: mwana akaphonya tsiku la jakisoni ndi sabata imodzi kapena ziwiri, adikire tsiku la mwezi wotsatira?

Anaphiri:
Asadikire achemwali. Tsiku lililonse lopitirira pa 28 mwanayo alibe chitetezo. Abayidwe tsiku lomwe mwamupezalo, mlingo womwewo osawonjezera, ndipo masiku 28 otsatira muwerenge kuchokera pamenepo. Ngati tsiku lake likugwera pa Loweruka, pa tchuthi kapena nthawi ya mayeso, abwere masiku awiri kapena atatu lisanafike. Lembani tsiku lotsatira m'buku lake ndi m'kaundula wanu, ndipo mufunse ngati m'masiku ophonyawo anamvako pakhosi, kutentha thupi kapena kupweteka m'mfundo. Akavomera, aonane ndi adokotala tsiku lomwelo.